Mzere Umodzi Aliyense

Anandisankha ine kukhala mlembi,
akuti dzanja langa limawerengeka.
Papita zaka zitatu chiponyereni zipewa zakuda m'mwamba
pa kapinga wa ku Mount Pleasant,
ndipo tsopano pakufunika kalata ya chaka:
mzere umodzi aliyense,
dzina, ntchito, banja ngati lilipo.

Kuno ku Mufakose magetsi anazima m'bandakucha.
Ndakhala pakhonde, kope pabondo,
foni ikupuma wefuwefu.

Rumbidzai Chigwedere wakwatiwa.
Ndalemba choncho basi.
Sindinalembe za ng'ombe zisanu ndi zitatu
zomwe zinafika zitapindidwa mu envulopu,
kapena kuti pa ukwati ku Borrowdale
anatikhazika kumapeto, pafupi ndi jenereta,
moti nthungululu zathu zinamezedwa ndi dizilo.

Limbani Kachingwe ali ku banki,
nsanjika yachisanu ndi chiwiri, zenera loyang'ana ku Kopje.
Yemwe uja tinkagawana naye banzi limodzi kuseri kwa laibulale.
Tsiku lonse amawerenga ndalama za eni,
madzulo amavula tayi, kuipinda m'thumba,
n'kukankhana nafe pa Copacabana
kulimbirana mpando wa pakhomo.

Sibonokuhle ali kutsidya kwa nyanja,
amasambitsa nkhalamba zosadziwa kutchula dzina lake.
Digiri ya malamulo ili pansi pa sutikesi
pamodzi ndi jekete losakwanira chisanu chakumeneko.
Wati, Lemba kuti ndili m'zachipatala.
Ndalemba.
Ndine ndani ine woti ndivule mnzanga pagulu?

Munashe sakuyankha.
Ena akuti anakwera basi pa Roadport,
ena akuti akukumba golide ku Mazowe.
Pa dzina lake ndasiya mpata,
ndipo mpatawo ukundiyang'ana.

Kenako Tiyanjane Gomani.
Tiyanjane, amene ankathawa kukhitchini nkhuku ikamaphedwa,
amene analira pa mayeso omaliza
chifukwa cholembera chinatha inki,
walowa usilikali.
Pachithunzi mutu ndi mpala, makutu ali njoo,
nsapato ngati zobwereka kwa malume.
Mayi ake ku Dzivarasekwa achipachika
pambali pa chija cha gauni,
ndipo alendo amafunsa ngati ndi ana awiri.

Mwezi watha ndinamuona pa mlatho wa Mukuvisi,
kumbuyo kwa lole yobiriwira,
pakati pa zipewa zofanana.
Ndinakweza dzanja, dengu lili pamutu.
Iye sanamwetulire,
anangodzutsa chala chimodzi pa lamba wa mfuti,
lole n'kukhota.
Akuti akupita kumalire. Ati a malirewo, sananene.
Kalikyuleta yanga adakali nayo
kuyambira chaka chachiwiri.

Latsala dzina limodzi.
Mwatitha Chikuse, digiri ya zachuma.
Amadzuka folo koloko kukapikula anyezi ku Mbare,
amadziwa mtengo wa dola usanalengezedwe,
amaumva m'mawu a amayi otsitsa mtengo.
Gauni lake analipinda m'mphepete ndi bambo ake, atelala,
usiku wonse, maso akuyenda misozi ya ukalamba,
akuti mwana wa mlendo asapunthwe pamaso pa anthu.

Ndalemba, wamalonda.
Ndafufuta.
Ndalemba, akuyendetsa bizinesi yakeyake,
n'kuseka ndekha mpaka galu wa aneba kuuwa.
Ndafufutanso, pepala labooka.
Ndalemba, alipo.

Foni yafa.
Ana akubwera ndi zigubu kuchokera ku mjigo,
mawilibala akulira m'fumbi.
Kuwala kotsalaku ndi kokwana mawu ochepa,
ndiye ndabwerera pamwamba, pa Gomani,
kuswa lamulo la mzere umodzi.
Pansi pa mawu oti msilikali
ndawonjeza timalemba ting'onoting'ono,
tomwe a komiti adzatichotse akafuna:
Kalikyuleta ija ndikuifuna.
Usatumize munthu.
Udzabwere nayo wekha.